Chiwongolero cha a Manja

A Manja ankati galimoto sinama, onama ndi eni ake. N'chifukwa chake ukafika pagalaja pawo ndi galimoto yonjenjemera chiwongolero, usanayambe n'kufotokoza komwe ankakuimika ndi chikhatho. Wodwala ndi galimoto, ankatero, iweyo wangobwera kudzadwazika, ndiye khala pabenchi apo usunge mawu ako. Ankakulanda kiyi, n'kukhala pampando, n'kugwira chiwongolero ndi nsonga za zala zokha, maso atatsinzina pang'ono ngati munthu wolawa mchere m'ndiwo. Kenako ankanyamuka okha, kudzera kuseri kwa msika, kulowa mumsewu waukulu mpaka pamlatho. Pobwera ankatsika n'kuloza ndi nsonga ya nsapato pamene pali matenda. Chowawa n'chakuti sankalakwa. Munthu wodzikuza akamalakwa amapiririka, koma wodzikuza wosalakwa, abale, ndi mtanda.

Dzina la Manja linachokera pomwepo, ndipo linakula mpaka kumeza lenileni. Ngakhale akazi awo akapsa mtima ankaitana lomwelo. Ntchito anaiyambira m'mbali mwa msewu, akumata matayala, pambali pali beseni la madzi akuda lofufuzira pobooka. Kenako anakalowa pagalaja ya mkulu wina amene ankaphunzitsa pogogoda mutu ndi sipanala, ndipo a Manja ankakamba zimenezi monyadira, ngati kuti nzeru zonse zinalowera pa zotupazo. Atakhwima anatsegula yawo: mpanda wa malata, dzenje lolowera kunsi kwa galimoto, benchi ya odwazika ija, ndi khoma pomwe sipanala iliyonse inali ndi msomali wakewake. Za injini sankazifuna. Iwo anali a miyendo ya galimoto basi: matayala, marimu ake achitsulo, mabuleki ndi zitsulo zolumikiza chiwongolero ku matayala.

Chiphunzitso chawo aliyense ankachidziwa, poti ankachilalikira ngakhale pamaliro. Chiwongolero chikanjenjemera uli pa liwiro, koma ukawonjezera moto n'kusiya, vuto lili m'tayala kapena m'rimu. Chikanjenjemera pokhapokha waponda buleki, madisiki a buleki apindika. Chikamagogoda pamabampu, zitsulo zolumikiza zija zatha. Ukamva m'manja ndi kutsogolo, ukamva m'matako ndi kumbuyo. Akaikayikira rimu ankanyamula galimoto ndi jeke, kuzungulitsa tayala, n'kuyandikiza choko m'mphepete mwa rimuyo, dzanja osasuntha. Pamene choko chakhudza, pamenepo ndi popindika. Tsidya la msewu kutatsegulidwa galaja ya makina owala magetsi oyezera matayala, a Manja anakaima pakhomo, anayang'ana, n'kubwerako ndi chigamulo chakuti makina anawapangira anthu amene Mulungu anawamana manja.

Ndiye panali kagalimoto kawo. Kanali kofiira psuu, kachikale, kotsika moti polowa umachita ngati ukukhala pansi, kadenga kansalu kopinda kamene kankadontha kumwamba kukangoganiza za mvula. Anakapeza katagona m'udzu kuseri kwa nyumba ya munthu wina, nkhuku zikuikiramo mazira, ndipo anakadzutsa chitsulo ndi chitsulo. Mipando inali iwiri. Akazi awo, amene panthawiyo anali ndi ana odzaza mphasa ndi wina m'mimba, anakazungulira kamodzi n'kufunsa kuti enawo azikwera m'thumba la ndani. A Manja anati kagalimoto kotere sikonyamulira banja, n'kothamangira. Mayiwo anati zikomo, tsopano aona nkhope ya mkazi mnzawo. Kuyambira pamenepo kagalimotoko panyumba kankatchedwa mayi aang'ono.

Lamulo linali limodzi: chiwongolero cha mayi aang'ono sagwira munthu wina. Ana anakula akukapukuta, akukakankha kakakana kulira, koma kugwira chiwongolero ayi. Lamlungu lililonse masana a Manja ankapinda denga, kuvala chipewa, n'kutuluka mumsewu waukulu. Pambali pawo pankakhala akazi awo, mpango atamanga zolimba, chikwama pamiyendo, nkhope ili ndwii. Ankadandaula za mphepo, za phokoso, za fungo la petulo, koma sanaphonyepo ulendo ngakhale umodzi.

Kenako kunabwera chaka chimene magalimoto onse a mumzindamo anadwala nthenda imodzi. Iliyonse imene a Manja agwira inkanjenjemera. Wina anabwera kudzangopopetsa mpweya, anauzidwa kuti chiwongolero chake chatha. Wina anabwera ndi yatsopano, mapulasitiki akadali pamipando, kudzangoonetsa, nayenso anauzidwa kuti amugulitsa yodwala. A Manja anadandaula kwambiri za mafakitale a masiku ano. Anadandaulanso za makapu a masiku ano, amene akuwapanga osakhazikika moti tiyi amatayikira pamalaya. Malaya nawonso, osoka a masiku ano anali atayamba kuchepetsa mabowo a mabatani. Dziko lonse linali litayamba kugwedezeka, ndipo munthu yekhayo amene anaima nji anali a Manja.

Anthu anali ndi maso. Ankaliona dzanja lamanja lija likuvina lokha pabondo a Manja akakhala pabenchi, ndipo ankaona mwini wake akulithamangitsira m'thumba la ovolosi. Koma ndani akanayamba? Munthu amene moyo wake wonse wakhala akuuza anzake kuti asunge mawu awo, tsiku limene akufunika mawu amapeza aliyense wasungadi. Makasitomala anangoyamba kuwoloka msewu mmodzimmodzi kupita kwa a makina aja, akupereka moni mokweza kuti asaoneke ngati akuthawa.

Amene analibe mantha anali akazi awo. Lamlungu lina mayi aang'ono anapatuka okha mumsewu, anatsala pang'ono kupsompsona munthu wa panjinga, ndipo wa panjingayo anawasiyira mawu amene sayenera kumveka pa Lamlungu. Atafika kunyumba mayiwo anatsika, anamasula mpango, anaupinda bwinobwino, n'kuima kutsogolo kwa amuna awo.

"Abambo, mawa tipite kuchipatala. Dzanja lanulo likunjenjemera."

"Ndi chiwongolero."

"Chiwongolero chimene mumamwa nacho tiyi? Chimene mumagona nacho pabedi?"

A Manja anati iwo sanalowepo kukhitchini kukaphunzitsa munthu kuphika, ndiye asaphunzitsidwe za magalimoto ndi munthu amene sadziwa kusiyana kwa buleki ndi kilachi. Mayiwo anati chabwino, katswiri ndi iwowo, akonze. Kunjenjemerako kukatha, iwo atseka pakamwa ndipo abwerera pampando wawo. Kukapanda kutha, kiyi apereke ndipo kuchipatala apite. A Manja anavomera msangamsanga ngati munthu wosaopa kanthu. Koma onse awiri ankadziwa kuti pamenepa sipakukambidwa za kiyi yekha. Makaniko amene manja ake ayamba kunama watsala ndi chiyani? Dzina lomwe lija, limene linali ulemu, likanasanduka chitonzo. A Manja ankaopa, ndipo mantha awo ankatuluka ngati ukali.

Anatseka geti ya galaja n'kuyamba kuzenga mlandu. Oyamba kuimbidwa anali matayala. Anachotsa akutsogolo n'kuika kumbuyo, akumbuyo kutsogolo, monga mwa chiphunzitso, kuti ngati vuto lili m'menemo lisamuke m'manja lipite m'matako. Anapita kumlatho n'kubwera. M'manja munali momwemo njenjenje. Choncho matayala anapezeka osalakwa ndipo anabwezedwa mmene analili. Anatenga choko. Choko chinakhudza rimu yoyamba paliponse, kuzungulira, mpaka rimu kuyera ngati bolodi ya kusukulu. Yachiwiri chimodzimodzi, zinazo chimodzimodzi. A Manja anaganiza mozama ndipo anapeza kuti wolakwa ndi jeke.

Anasintha jeke. Anasintha madisiki amene analibe chifukwa. Anasintha zitsulo zolumikiza zimene iwo eni anaika ndi manja awo zili zatsopano. Anasintha timphira ta m'malumikiziro, kamodzikamodzi, akutukwana kalikonse. Akamaliza chimodzi ankapita kumlatho, ndipo pobwera nkhope inkakhala itada kuposa popita. Pakona ya galaja panakula mulu wa zitsulo zosalakwa. Akazi awo pobweretsa chakudya chamasana ankauyang'ana muluwo, n'kufunsa mwaulemu ngati mayi aang'ono akadzatha kusinthidwa ziwalo zonse adzakhale omwewo, kapena kudzafunika kuwalonjeranso.

Atatopa, mayiwo anaitanitsa mwana wawo wamkazi womaliza, amene aliyense ankangomutcha Mzime ngakhale anali mayi wa ana ake. Ameneyu ndi uja anali m'mimba tsiku lobwera kagalimoto. Ankayendetsa lole yogawa buledi m'masitolo, ndipo anatengera makani a bambo ake ndi pakamwa pa mayi ake, zinthu zimene siziyenera kukhala mwa munthu mmodzi. Mayi ake anamutuma chinthu chimodzi: akayendetse kagalimotoko, abwere, awauze bambo ake poyera kuti palibe chimene chikunjenjemera.

Anawapeza ali m'dzenje kunsi kwa galimoto, akulimbana ndi nati imene inkakana kukhala pa bawuti. Inagwa, anaitola. Inagwanso, anaitola n'kuiyang'anitsitsa, n'kunena kuti nati za masiku ano. Mzime anatsikira m'dzenjemo, anaitenga, n'kuimanga ndi zala ziwiri. Atatuluka anatambasula dzanja kupempha kiyi. A Manja anaseka. Anati woyendetsa buledi akufuna kugwira chiwongolero chimene sanagwirepo ngakhale amuna enieni.

"Ababa, inu mumati galimoto sinama. Ndiye mukuopa chiyani? Kutsutsa galu n'kukumba."

Pamenepo a Manja anasowa pothawira, poti anawakola ndi ulaliki wawo womwe. Anapukuta manja nthawi yaitali pa kansanza kamene kanali kakuda kuposa manjawo. Ankadziwa chimene mwanayo watumidwa, ndipo pansi pamtima ankadziwanso chimene akanena pobwera. Komabe anapereka kiyi, n'kunena kuti akwera nawo, poti sangasiye mayi aang'ono okha m'manja mwa munthu wozolowera kuponda giya ngati akupha njoka.

Umu ndi mmene a Manja anakhalira pampando wa akazi awo koyamba pa moyo wawo. Chinthu choyamba chimene anaphunzira n'chakuti mpandowo unali ndi kachitsulo kotulukira pansi pa nsalu, kobaya pamalo oyenera ulemu. Anasunthira uku, anasunthira uko, kachitsulo kakuwatsatira. Analibe nthawi yoganizira zimenezo, poti maso anali pa manja a mwana wawo.

Kuseri kwa msika kunalibe nkhani. Atalowa mumsewu waukulu Mzime anaponda moto, akukonzekera kale mawu achifundo oti awauze bambo ake. Kagalimoto kanalira, mphepo inawomba, ndiyeno zigongono za Mzime zinayamba kuvina. Anayang'ana manja ake, anayang'ana bambo ake.

"Ababa, chikunjenjemeradi."

Mukanawaona a Manja! Munthu wamkulu anatsala pang'ono kuimirira m'galimoto ikuyenda. Ndipo pamenepo anachita chinthu chimene sanachitepo kwa kasitomala aliyense: anafunsa. Anati awonjezere moto, kodi chasiya? Mzime anati chasiya. Anati abwerere pa liwiro lija, aponde buleki pang'ono, kodi chasintha? Sichinasinthe. Akumva m'manja kapena m'matako? M'manja. A Manja anamenya chitseko ndi chikhatho. Rimu yakutsogolo! Analamula kuti atembenuke pompo, ndipo njira yonse yobwerera anafotokoza mmene iwo anadziwira zimenezi kuyambira pachiyambi.

Kugalaja anatulutsa jeke yakale ija, imene tsopano inakhululukidwa popanda kupepesedwa. Choko anachiyang'ana, anachitembenuza, kenako anamupatsa Mzime, akuti kuti naye aphunzireko kanthu pa moyo wake. Iwo anazungulitsa tayala. Pa rimu yakumanja choko sichinakhudze paliponse. Kumanzere chinakhudza malo amodzi okha, tayala likazungulira n'kukhudzanso pomwepo, kamzere koyera kotalika ngati chala. Rimu inali itapindika pang'ono mkati, mwina pa dzenje lina la mumsewu limene a Manja analikhululukira osadziwa. Anatulutsa ya sipeya kubuti, Mzime anamanga, iwo akumuuza mmene amamangira munthu wophunzira.

Kenako anatsegula geti yonse kuti dziko lione. Anaimika rimu yopindikayo pakhomo, choko chake chikuyang'ana kwa a makina. Anaimbira foni akazi awo kuti abwere adzaone dzanja limene akufuna kulipititsa kuchipatala. Mayiwo anafika posachedwa, chikwama m'khwapa. Anamva ulaliki wonse ali chiimire: kuti pali anthu ena m'dziko muno amene amaweruza asanafufuze, kuti wina akadamvera anthu oterowo bwenzi pano akumwa mapiritsi chifukwa cha rimu. Mayiwo anangoti apite akayese, iwo adikira pabenchi. Kufatsa kumeneko kunadabwitsa ngakhale mwana wawo.

Popita anayendetsa Mzime, kuti mboni imalize umboni wake. Pa liwiro lija kagalimoto kanangoti myaa. Mzime anawonjezera moto, anachepetsa, anaponda buleki, mpaka anachotsa manja onse pachiwongolero kamphindi, chiwongolero chili phee. Anaseka mokondwa, poti ngakhale anatumidwa kudzawagonjetsa bambo ake, sankafuna kupambana. Pamlatho anaima pambali. A Manja anatsika monyadira, anakonza chipewa, n'kunena kuti tsopano mwini wake alowe.

Anakhala pampando wawo. Anagwira ndi nsonga za zala, maso atatsinzina pang'ono. Analowa mumsewu, anakweza giya, anafika pa liwiro lomwe lija, pamsewu womwe uja.

Njenjenje.

Anawonjezera moto. Sichinasiye. Anaponda buleki pang'ono. Sichinasinthe. Anachepetsa mpaka galimoto kuyenda ngati ngolo, chikhalirebe. M'chiphunzitso chawo chonse, chimene analalikira pamaliro ndi pamaukwati, munalibe nthenda ya galimoto yotere. Mzime ankayang'ana kutsogolo ngati kuti msewuwo akuuona koyamba. A Manja anachotsa dzanja lamanja pachiwongolero, n'kusiya lamanzere lokha. Chiwongolero chinakhala bata. Dzanja lija, lili m'malere, linapitiriza lokha.

Anapatukira pambali n'kuzimitsa injini. Kunangomveka malole akudutsa. Anaika dzanjalo pabondo n'kuliyang'ana, ndipo ulendo uno sanalithamangitsire m'thumba. Chinawawawa kwambiri n'chakuti panalibenso woti amunamizire. Bola rimu ija ikadali yopindika anali ndi pobisala, koma iwo eni, ndi luso lawo lomwe, anali atagwetsa pobisalapo.

"Rimu ija ndinaipeza," anatero.

"Munaipeza, Ababa."

"Ndiye kuti galimoto ili bwino."

"Ili bwino."

A Manja anatsegula chitseko, anazungulira kutsogolo kwa kagalimotoko atagwira boneti, n'kukaima kumbali inayo mpaka mwana wawo anamvetsa n'kusuntha. Njira yonse yobwerera sanamuuze Mzime mmene amasinthira giya.

Pageti anapeza akazi awo ataimirira, mpango atamanga kale kumutu zolimba, ngati mmene ankamangira Lamlungu. Mayiwo anaona amene ali pachiwongolero. Anaona amene ali pampando wawo. Anakweza manja pang'onopang'ono n'kumasula mpangowo. A Manja anadikira mawu, poti anali atawagwirira ntchito mawuwo ndipo akanawalandira. Mayiwo sananene kuti ndinakuuzani. Sanatchule za mayi aang'ono, kapena za mulu wa zitsulo uja, kapena za mapiritsi. Zimenezi zinawalasa a Manja kuposa chipongwe chilichonse, chifukwa anazindikira kuti munthuyu anabwera atakonzeka kugonja, ndipo ankafunitsitsa kugonja.

Anatenga kiyi kwa Mzime n'kumupereka kwa akazi awo, kiyiyo akulira yekha m'dzanja. Pofuna kuti pasakhale zii, anang'ung'udza kuti mpando uwu uli ndi kachitsulo kobaya, ndipo sakumvetsa kuti munthu angakhalepo bwanji zaka zonsezi osanena.

"Ndikananena kwa ndani? Inu simufunsa odwazika."

Mayiwo anatsegula chikwama chija, chimene chinkakhala pamiyendo pawo Lamlungu lililonse. Anatulutsamo kapilo kakang'ono, kophwatalala, kosokedwa zigamba pakati pomwe kachitsulo kankabaya. Anakakung'untha n'kukaika m'manja mwa amuna awo.

"Tengani. Mawa kuchipatala n'kutali, mukafika mutabooka."

A Manja anakalandira ndi manja awiri. Anati m'mawa anyamuke msanga, ndipo Mzime asaiwale kuti giya yachiwiri imafuna kunyengerera.